Ndithokoze Ndani?

Lolemba, 6 Outubro

Kutentha. Ventoinya, fani yangayi, ikungotakasa mpweya wamoto. Sopo wasungunukira pazenera. Amene anayamba kumanga nyumba ku Tete kuno ankathawa chiyani kwawo?

Buku langa lafika mutu wachisanu ndi chiwiri, ndipo Castigo wakananso kundimvera. Munthu ndinamulenga ndekha, ndi cholembera changa, m'kope logula ndekha, lero akundiumira mutu. Ndikufuna aulule dzina la kwawo. Iye wangoti duu mu shapa, minibasi ya kuno, kuyang'ana Zambezi.

Nkhani yake, kuti ndisadzaiwale ndikadzatchuka. Castigo ndi mphunzitsi mumzinda muno. Mdzukulu wa inkosi ya ku Angónia, mwa mafumu aja Apwitikizi anawaveka chipewa n'kumawatchula kuti rejulo. Ufulu utabwera maina oterowo ananunkha. Bambo ake anavula mfunda pakhomo pa ofesi ya kaundula ngati nsapato zamatope, n'kutulukamo ndi dzina lina. Mwana wakula akubisa.

Msampha uli apa. Kwathu, ayi, kwawo kwa Castigo, munthu sathokoza ndi zikomo wouma. Ukampatsa kanthu Mngoni, ngakhale fodya wa mphuno imodzi, amaomba m'manja n'kukutchula mfunda. Ngati saudziwa amafunsa: ndithokoze ndani? Ndiye wobisa mfunda sangapatse munthu wakwawo chilichonse. Mpaka imfa.

Felizarda wanga, amene amanditaipira mitu imeneyi kupapelariya, sitolo ya mapepala komwe amagwira ntchito, akuti: "Castigo wakoyu ndi wamantha, komanso wouma manja. Ndikanakhala mkazi wa m'bukumu ndikanamusiya pamutu wachitatu." Ndamuuza kuti zaluso si zosindikiza makadi aukwati.

Castigo si ine. Iye ndi wamtali, amaphunzitsa za mapiri ndi mitsinje. Ine ndine Stélio Alfinete, wamfupi bwinobwino, wa digiri ya ku Beira, mphunzitsi wa Chipwitikizi ku Chingodzi. Agogo ake a Castigo anali ndi ng'ombe mazana awiri. Anga zawo sizinkakwana n'komwe zana.

Lachitatu, 8 Outubro

Zavuta. Felizarda wabwera ndi nkhope ya kuofesi. Mpando waukana.

Akuti bambo ake, a Armando a kudera la Canongola, Mngoni wa ku Angónia, anena pamaso pa banja lonse: "Aphunzitsi akowo zaka ziwiri akupondaponda pano, akudya, akumwa, akundikonza Chipwitikizi changa, koma ngakhale nthochi imodzi sanandigwiritseko. Dzanja lawo linabadwa lofumbata?"

Ine wouma manja! Ine! Anyungwe ndimawapatsa, Asena ndimawapatsa, mlonda wa pasukulu akuyendera nsapato zanga. Amenewo amangoti obrigadu, nkhani yatha. Felizarda nayenso ndi wobadwira mutauni, obrigada basi. Koma mkulu aliyense wa ku Angónia ndimamulambalala ngati galu wachiwewe. Mbatatesi ndimagula ndi ndalama yokwanira ndendende kuopa kusiyira munthu kenakake.

Chigamulo: Loweruka la pa 18 ndifike ndi mphatso, ndiipereke ndi manja anga, kenako akambe za ankhoswe. "Apo ayi uiwale njira ya ku Canongola, ndipo mitu yakoyo uzitaipa wekha ndi tizala tako tiwirito."

Zikanakhala zoseketsa pakanapanda ichi. A Armando ali ndi nkhani imodzi, imatuluka pa kapu yachiwiri. Chaka cha 1961, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anaima pabwalo la rejulo n'kuona asilikali a boma akumenya bambo awo mbalamatodya m'manja chifukwa chothawa chibalo cha msewu. Manja anatupa ngati maungu. Mwezi wathunthu mwana ankadyetsa bambo ake pakamwa. Rejulo ali pampando wamikono, akusisita ndevu. Dzina lake a Armando salitchula. Amangoti "uja", n'kulavula.

Mpandowo ndikuudziwa. Ndinaupeza kuseri kwa nkhokwe ndili mwana, nkhuku zikuikiramo mazira.

Chabwino, kope iwe ulibe pakamwa. Mfunda wathu nawu. Mgwazeni. Ndalemba. Ndafufuta. Ndalembanso.

Lachisanu, 10 Outubro

Nzeru! Sukulu ya ku Beira sinapite pachabe. Mphatso yopanda wopereka. Yafika, aiona, akondwa, womufunsa palibe. Pambuyo pake Felizarda adzangowatsina khutu kuti inachokera kwa aphunzitsi, nthawi yoomba m'manja itadutsa kale.

Ndagula tonde. Wakuda, chigamba choyera pamphumi, ndevu zonga za mkulu wa sukulu yathu. Malipiro a mwezi uno apita ndi ndevuzo. Mpaka pa 30 ndi buledi ndi tiyi wopanda mkaka.

Wa chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, anafuna mtengo wa anthu awiri, akuti mbuziyo yakhala pampando. Ndinamuuza kuti yakhala pa ine. Umboni uli pa buluku.

Treze ora, wani koloko masana, nthawi imene Tete yense amakhala atafa, agalu ali pansi pa galimoto, zitseko zotseka. Ndamangirira tonde pachipata cha a Armando, n'kubwerera chamsana ngati wakuba. Wakuba wachilendo, wosiya katundu.

Castigo achita zomwezi m'mutu wachisanu ndi chitatu. Iye ndimupatsa ng'ombe. Papepala siidula.

Lamulungu, 12 Outubro

Tsiku la aphunzitsi. Anzanga ali kuphwando avala malaya ofanana. Ine ndagona chagada kuganizira mbuzi.

A Armando atadzuka n'kupeza tonde pachipata, sanamukhudze. Akuti mbuzi yodzibweretsa yokha siidyedwa, wina watumiza zake. Amayi a mpingo abwera anayi kudzapempherera chipata. Chingwe achiotcha. Chingwe changa chatsopano! Tonde amukokera kwa sekretaryo wa bairo, nyakwawa ya boma ya dera lawo, ngati mboni, ndipo kumeneko wadya kale theka la chidziwitso cha katemera chomwe chinali pakhoma.

Canongola yense akukamba. Ena akuti ndi mnansi uja anakangana naye za malire. Ena akuti usiku imalankhula Chinyungwe.

Felizarda wandiuza zonsezi akusenda lalanje, osandiyang'ana. Pomaliza: "Wochita zimenezi ayenera kuti ndi wophunzira kwambiri. Mbuli sizingaganize chinthu chopusa chotere."

Ndavomereza kuti dziko laipa.

Lachiwiri, 14 Outubro

Nzeru yachiwiri, yoposa yoyamba. Bwanji osabwereka mfunda? Anthu amabwereka jekete paukwati. Ndani anafunsapo jekete kuti kwanu n'kuti?

Ndasankha Ngozo. Angozo ndi ambiri ngati mchenga wa mu mtsinje wa Revúbuè, mmodzi wowonjezera sangaoneke.

Koma wasayansi amayesa kaye. Ndatsikira kumsika wa ku Canongola, kwa dona Anabela, mayi wa ku Tsangano amene ndimagulako mbatatesi ndi kabichi. Zaka zitatu akundiyang'ana ngati munthu wowerenga mchere. Lero ndawapatsa ambulera yanga, ndati dzuwali lingakupheni mayi. Anatsala pang'ono kugwa pa thumba. Apukuta manja, agwada bondo limodzi, aomba m'manja mofatsa muja amachitira kwathu.

"Ndithokoze ndani, bambo?"

Ngozo, ndatero, mawu osanjenjemera.

"Ngozo! Zikomo Ngozo! Inu a Ngozo enieni? A mbali iti?" Ndaloza chakumpoto, dzanja lonse, kuyambira Zóbuè mpaka Zambia. Andiwonjezera anyezi atatu.

Zinthu zosavuta chonchi! Zaka zonsezi ndimavutikiranji? Ndabwerera kunyumba ku Josina Machel wapansi, wopanda ambulera, mutu ukuwira, mtima uli mbee. Ndiyenera kuvomereza kuti mawu aja, ngakhale anali a eni ake, anandifika penapake. Palibe anandithokozapo chotero chibadwire.

Castigo akhala Ngozo kuyambira mutu wachisanu ndi chinayi. Buku latha basi, kwatsala ukwati ndi mvula.

Lachitatu, 15 Outubro

Foni m'mawa, ndili pakati pophunzitsa. Felizarda, mawu okoma ngati uchi.

"Mwadzuka bwanji achimwene?"

Achimwene?

Dona Anabela ndi msuweni wa malemu mayi ake a Felizarda. Nkhani inafika ku Canongola ambulera isanatsegulidwe. Ndipo a Armando ndi Ngozo. Felizarda ndi Nangozo. Zaka ziwiri ndili naye sindinamufunsepo mfunda wake, chifukwa wofunsa mfunda amafunsidwa. Pa chiphaso chake palembedwa Felizarda Armando basi. Boma lathu ndi maina!

Akuti mkuluyo wakondwa koopsa. Wapeza mwana wa mbale wake mutauni. Wanena kuti Loweruka ndibwere ndithu, adzandionetse kwa abale, ndipo adzandithandiza kupeza mkazi wabwino wa mfunda wina. Za Felizarda, "magazi amodzi sakwatirana, si nkhuku ife."

Ndinaima pabolodi choko chili m'manja. Ana makumi asanu ndi limodzi akundiyang'ana. Mtsikana wina wakutsogolo: "Senyoro profesoro, mwadwala?" Ndinawapatsa ntchito yolemba: fotokozani tsiku limene munachita chinthu chopusa. Masamba awiri. Ndione ngati pali wondiposa.

Tsono taonani. Ndikakhala Ngozo, Felizarda ndi mlongo wanga. Ndikakhala Mgwazeni, ndine mdzukulu wa "uja". Ndikakhala chete, ndine wouma manja. Misampha itatu, iwiri ndatchera ndekha, ndi ndalama zanga.

Ndalembera makolo onse a Chingoni dandaulo m'mutu mwanga, m'Chipwitikizi chapamwamba. Anthu munayenda kuchokera kummwera ndi mikondo, kuwoloka Zambezi, simukanatha kungoti zikomo n'kupitiriza ulendo?

Lachisanu, 17 Outubro

Dzulo sindinalembe. Ndinali kalikiliki kuthawitsa Castigo. Ndamukweza shapa ya ku Moatize ndi chikwama chimodzi, akayambe moyo wina kumene kulibe omudziwa. Wafika pakati pa mlatho, galimoto yaima, ndipo cholembera chakana kupitirira. Ali pomwepo mpaka pano.

Felizarda sanaimbe. Masiku awiri. Ndadutsa kupapelariya ngati wofuna envelopu. Wandigulitsa envelopu.

Bambo. Sindinafune kuwaganiza koma abwera okha. Amadeu Alfinete, kalaliki wa sitolo ya zitsulo, munthu wopatsa ngati mtsinje. Koma ankapereka mozemba: ufa pakhonde la mayi wamasiye m'bandakucha, fizi ya mwana wa mnansi kudzera kwa wansembe. Ndinkayesa kudzichepetsa kwa Chikhristu. Ayi, ankathawa funso lomweli. Anafa osamvapo mfunda wawo m'kamwa mwa munthu. Pamaliro azakhali anawerama pabokosi n'kunong'ona, ngati akuba, "Pitani bwino Mgwazeni." Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinayang'ana uku ndi uku kuona ngati wina wamva. Bambo anga ali m'bokosi, ine ndikuyang'ana ngati wina wamva.

Basi. Zakwana.

Ndapita kwa sekretaryo wa bairo kukatenga mbuzi yanga. Umboni? Chigamba pamphumi, risiti, ndi buluku ngati afuna. Wandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinu mphunzitsi, mwati?" Wandilembetsa kalata yofotokoza chifukwa chimene munthu wamaphunziro amangirira ziweto pazipata za eni. Ndalemba ndime zitatu zokongola. Wakonza malo amodzi. Anali wolondola, zomwe zandipweteka kuposa zonse.

Tonde ali kubafa. Akudya tawulo.

Lamulungu, 19 Outubro

Ndikadali moyo. Ndilembe mwadongosolo.

Ndinafika dzulo masana nditavala jekete, m'kutentha kumeneku, ndikukoka tonde. Pansi pa mtengo wa masawu panali anthu ngati khumi ndi asanu, Angozo ndi mabanja awo, abwera kudzaona m'bale wawo watsopano. Dona Anabela atafunda ambulera yanga pamthunzi. Felizarda pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

A Armando anayang'ana mbuzi, n'kuyang'ana ine. "Mbuzi iyi ndikuidziwa." Ndinati nayonso ikuwadziwa. Palibe anaseka.

Ndinagwada. Buluku lachiwiri kutha. Ndinaika chingwe m'manja mwawo, iwo n'kukweza manja kuti aombe, pakamwa patayamba kale "Ngo..." Ndinati ayi bambo, musathokoze Ngozo, ndinanama. Ndinabwereka.

"Kubwereka? Mfunda? Ngati wilibala?"

Ndinati inde.

Manja ali m'mwamba chomwecho, osagundana. Kenako funso lija, mwapang'onopang'ono. "Nanga ndithokoze ndani?"

Ndinalitchula. Linatuluka laling'ono, ngati la mwana. Anati sanamve. Ndinalitchulanso, mpaka nkhuku zinamva.

Dona Anabela anatseka ambulera. Mkulu wina wa ndodo anayamba kudzuka kuti apereke ulemu, mkazi wake n'kumukokera pansi ndi malaya. A Armando anatsitsa manja n'kuwayang'ana, zikhatho m'mwamba, nthawi yaitali. Ndinkadziwa manja amene ankawaona.

"Dzina limenelo silinatulukepo m'kamwa mwanga chiyambire 1961."

Ndinati ndikudziwa. Ndinati ndinalibe pobadwira pena. Mawu onse a ku Beira anandithawa, anatsala amenewo.

"Mbuzi ndalandira, ilibe mlandu. Kuthokoza ndiganize kaye." Analoza mpeni. "Poti mwabwera, a kwa mfumu, tasendani. Tione ngati manja a kwanu amadziwa ntchito kapena amangodziwa kuloza."

Ndinasenda mbuzi, ine, ndi jekete. Angozo khumi ndi asanu akundilangiza nthawi imodzi. Ndulu ndinaiboola. Za ankhoswe sizinatchulidwe.

Felizarda anandiperekeza mpaka pamsewu. Kenako: "Tsamba 43." Ndati chiyani? "Mutu wachinayi, tsamba 43. Unalemba kuti agogo anga m'malo moti agogo ake. Ndinakukonzera mu Agosto." Mu Agosto! Miyezi iwiri mkazi akundiyang'ana ndikuvina pamoto! Ndinayamba kukalipa mwaulemu, za chinsinsi cha mlembi, koma anandidula. Akuti sanadziwe chimene bambo ake adzachite. Akuti mpaka pano sakudziwa.

Lachiwiri, 21 Outubro

Chibalo chabwerera m'dziko muno, boma silikudziwa.

Uthenga Lolemba m'mawa: a kwa mfumu abwere akaweruka, mpanda wagwa. Ndapita. Lero: a kwa mfumu abwere, thanki ikufuna kutsuka. Ndapita. Mkuluyo amakhala pampando wapulasitiki pansi pa msawu, miyendo yopingasa, akusisita chibwano pomwe palibe ndevu n'komwe. Akudziwa chimene akuchita. Ine ndikudziwa kuti akudziwa.

"Msomali uwo wapindika, Nkosi." Nkosi wake wa mnyozo, wokoka ngati ndowa ya pachitsime.

Matuza asanu. Choko sindikutha kugwira bwino, ana akuti zolemba zanga zayamba kuwerengeka. Mwano.

Chimene chikundidabwitsa: sindinakwiye. Ndayesetsa. Ndimakhoma msomali n'kumadikira mkwiyo, osabwera. Lero anandiuza dzina la bambo awo, osafunsidwa. Zakeyo. Akuti ankaimba bwino ngoma asanamenyedwe, pambuyo pake sankathanso kuomba m'manja. Ananena akuyang'ana mpanda. Inenso ndinayang'ana mpanda.

Pochoka palibe zikomo, ngakhale wouma. Felizarda akuti ndipirire. Mlongo wanga wakale ameneyu ali ndi malangizo ambiri.

Lachinayi, 23 Outubro

Denga la khola la nkhuku. Malata otentha ngati chiwaya. Nditatsika, mkuluyo anali akulimbana ndi chitsekerero cha botolo la mankhwala awo a magazi. Zala zawo zakalamba. Ndinangotenga, kutsegula, kuwapatsa m'manja piritsi limodzi ndi kapu ya madzi. Osaganiza n'komwe. Anameza.

Kenako anaika kapu pansi. Manja awiri, kuomba kawiri, mofatsa.

"Zikomo, Mgwazeni."

Osati chifukwa cha tonde wa malipiro a mwezi wathunthu. Osati mpanda, thanki, denga. Kapu ya madzi, madzi ake omwe, a m'thanki yake yomwe! Ndikanayenera kudandaula. Ndinapezeka ndikuyang'ana khola la nkhuku mwachidwi chachikulu, maso akuvuta, fumbi la Canongola ndi loipa.

"Musazolowere," anatero. "Ndipo ankhoswe anuwo abwere mvula isanayambe. Auzeni kuti kuno mipando ndi yapulasitiki, aliyense amanyamula wake."

Ndiyenera kuimbira azakhali ku Ulónguè. Adzalira, kenako adzafunsa ngati mkaziyo amadziwa kugwada. Ndidzati amadziwa kukonza zolakwa za anthu ophunzira.

Ndatsegula kope la buku. Castigo akadali pakati pa mlatho, masiku asanu ndi awiri tsopano, shapa yozima, dzuwa likumuwamba. Felizarda akuti ndimubweze. Ndati abwere yekha wapansi, wamtali uja, miyendo ali nayo. Ine ndinasenda mbuzi, iye wachitapo chiyani?

Akutinso pachikuto cha buku tidzalembapo dzina liti, poti iye ndiye wotaipa ayenera kudziwiratu. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Waseka, akuti ndayamba kulankhula ngati apongozi.

Ndayesa pa tsamba lomaliza, kungoona mmene likuonekera. Stélio Amadeu Mgwa

Foni. A Armando. Akuti nkhuku yatuluka pa denga langa lija.